Pasiwedi ikakana, akaunti ikalandidwa, kompyuta ikavuta: zoyenera kuyang'ana musanapite kwa katswiri

Mavuto amene anthu amabwera nawo kuno ku Salima pa nkhani ya pasiwedi amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka, kaya wabwera ndi mphunzitsi wa ku Khombedza amene imelo yake yatsekeka, mlembi wa gulu la alimi a mpunga ku Lifuwu, kapena wolandira alendo ku Senga Bay amene WhatsApp yake yayamba kupempha ndalama kwa anthu iye osadziwa. Ambiri amafika ali otsimikiza kuti awabera ndi akatswiri a kunja, koma mukafufuza bwino mumapeza kuti gwero lake lili pafupi: akauntiyo anawatsegulira munthu wina, kapena inalembetsedwa pa nambala ya foni imene inatayika kalekale, kapenanso mwini wake anatchula yekha nambala yotsimikizira, imene imatumizidwa pa foni polowa mu akaunti, kwa munthu amene anamuimbira. Choncho chimene muyenera kuteteza kwambiri ndi nambala ya foni komanso imelo zimene akaunti yanu imadalira pobwezeretsa pasiwedi. Pa vuto lililonse m'munsimu ndayamba ndi chifukwa chofala kwambiri, n'kumalizira ndi chosachitika kawirikawiri.

Pasiwedi imene mukuidziwa bwino ikukanidwa

Musafulumire kuganiza kuti akaunti yabedwa. Dinani kachizindikiro ka diso kamene kamakhala kumapeto kwa malo olembapo pasiwedi, kuti muone zimene zikulembedwadi, kenako yang'anani izi:

1. Batani la Caps Lock layaka. Pasiwedi imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono.
2. Foni yaika yokha chilembo chachikulu poyambira, kapena yawonjezera mpata kumapeto, makamaka ngati mwakopera pasiwediyo kuchokera mu uthenga.
3. Kiyibodi yasintha kalembedwe. Pa kalembedwe ka ku America, Shift ndi 2 zimatulutsa @, pamene pa ka ku Britain zimatulutsa chizindikiro chogwira mawu. Izi zimavutitsa kwambiri pa malaputopu ogula ogwiritsidwa kale ntchito, chifukwa zolembedwa pa mabatani zimatha kusiyana ndi zimene Windows ikutsatira. Dinani batani la Windows pamodzi ndi batani lalitali la mpata kuti musinthe.
4. Num Lock yayaka pa laputopu yaing'ono, ndipo zilembo U, I, O, J, K ndi L zikutulutsa manambala.
5. Muli ndi maimelo awiri ofanana mayina, ndipo mukulemba pasiwedi ya ina pa inzake.
6. Pasiwedi inasinthidwa, mwina ndi inu nomwe pa foni ina, mwina ndi munthu wina.

Mukalephera kawiri, imani kaye. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money, Mpamba kapena ya ku banki imatsekeka mukailakwitsa kangapo motsatizana. PIN ya SIM imatsekeka mukailakwitsa katatu ndipo imafuna PUK, nambala yapadera yotsegulira SIM yotsekeka, koma PUK mukailakwitsa kakhumi SIM imafa basi. Musalote PUK. Ili pa kapulasitiki kamene SIM inabwera nako, ndipo ngati munakataya, pitani ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso chanu cha unzika.

Mwaiwala pasiwedi, ndipo nambala yotsimikizira sikubwera

Ili ndi vuto limene limandimvetsa chisoni kuposa ena onse, chifukwa ndi limene limatayitsa anthu zithunzi za ana awo, makalata a ntchito ndi zolemba za sukulu kosabwereranso. Google kapena Facebook ikanena kuti yatumiza nambala, imaonetsa manambala awiri omaliza a foni imene yatumizako. Werengani manambala awiriwo mosamala musanachite china chilichonse.

Chifukwa choyamba n'chakuti nambalayo ndi ya SIM yanu yakale. Foni inagwera m'nyanja kapena inabedwa pa depoti, inu munagula SIM yatsopano m'malo mobwezeretsa yakaleyo, ndipo simunakumbuke kusintha nambala mu akaunti. Ngati nambala yakale inalembetsedwa m'dzina lanu, pitani msanga ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso cha unzika mukapemphe kuti akubwezereni. Kufulumira n'kofunika, pakuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imatha kuipereka kwa munthu wina, ndipo kuyambira pamenepo manambala otsimikizira a akaunti yanu amapita kwa mlendo.

Chachiwiri, akauntiyo munatsegulitsa kwa wina. Munthu akagula foni pa Kamuzu Road kuno ku Salima, wogulitsa kapena mnyamata wa pafupi amamutsegulira Gmail kuti WhatsApp itheke kulowa, amalemba pasiwedi imene wamuganizira, nthawi zina amaikanso nambala yake, ndipo mwini foni amachoka osadziwa n'komwe dzina la imelo yake. Ngati munthuyo akupezeka, khalani naye pansi, lowani mu akaunti muli limodzi, ndipo nthawi yomweyo sinthani pasiwedi ndi nambala yobwezeretsera. Zomwezi zimachitika m'maofesi ndi m'magulu, pamene imelo ya bungwe ili pa nambala ya mlembi amene anasamutsidwa kapena anasiya ntchito.

Zifukwa zina, zosavuta kukonza, ndi izi:

- Netiweki ndi yofooka ndipo uthenga wachedwa. Dikirani mphindi zingapo musanapemphe wina, chifukwa kupempha mobwerezabwereza kumachititsa kuti akuimitseni kwa kanthawi.
- Uthenga walowa m'gulu la mauthenga otsekedwa, kapena foni yadzaza.
- Mukugwiritsa ntchito Google Authenticator, pulogalamu ya pa foni yopanga manambala otsimikizira, koma nthawi ya pa foni ndi yolakwika. Manambala ake amasintha pa masekondi 30 aliwonse, choncho konzani foni kuti izitenga yokha nthawi kuchokera ku netiweki.

Ngati nambala yakale yalephereka, yesani kubwezeretsa akaunti ya Google pa foni kapena kompyuta imene mumalowera masiku onse, muli pamalo amene mumalowerapo, ndipo mukafunsidwa lembani pasiwedi yakale iliyonse imene mukuikumbukira. Zimenezi zikakanika, palibe katswiri wa pa msika amene angatsegule akauntiyo, ndipo aliyense wokuuzani kuti aithyola mukamulipira akufuna ndalama zanu chabe. Tsegulani akaunti yatsopano, ndipo dziwitsani banki, abwana anu ndi onse amene ankakulemberani pa yakaleyo.

Anzanu akulandira mauthenga opempha ndalama m'dzina lanu

Apa akaunti ilidi m'manja mwa wina. Njira zimene analowera, kuyambira yofala kwambiri:

1. Munapereka nambala ya manambala 6 imene WhatsApp inakutumizirani. Wakuba amalemba ngati mnzanu wa mu gulu la mpingo kapena la ntchito, n'kunena kuti watumiza nambala kwa inu molakwitsa, kapena kuti akufuna kukulowetsani mu msonkhano wa pa intaneti.
2. Munadina linki yolonjeza bandulo yaulere, ntchito kapena thandizo la ndalama, ndipo munalemba pasiwedi yanu pa tsamba looneka ngati la Facebook.
3. Munalowa mu akaunti pa kompyuta ya pa malo osindikizira kapena pa foni yobwereka, osatulukamo.
4. Mumagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi paliponse, ndipo inaululika pa tsamba lina limene linathyoledwa. Zoterezi zachitikirapo ngakhale makampani akuluakulu: Yahoo inavomereza kuti maakaunti ake onse, pafupifupi 3 biliyoni, anakhudzidwa ndi kuthyoledwa kwa mu 2013.
5. Wina watenga SIM yatsopano ya nambala yanu mwachinyengo.

Pa WhatsApp, lembetsaninso nambala yanu pa foni yanu ndipo lowetsani nambala yatsopano imene ibwere pa uthenga, chifukwa mukatero wakubayo amatulutsidwa. Ngati iye anaikapo kale PIN yotsimikizira kachiwiri, imene WhatsApp imafunsa kuwonjezera pa nambala ya pa uthenga, mungafunike kudikira masiku 7. Mukalowa, tsegulani Linked devices, pamene pamaoneka zipangizo zolumikizidwa ku WhatsApp yanu, ndipo chotsani chipangizo chilichonse chimene simukuchidziwa, kenako yatsani Two-step verification, kutsimikizira kachiwiri kuja, ndi PIN yanuyanu. Pa Facebook yambirani pa facebook.com/hacked. Pa Gmail musakhutire ndi kusintha pasiwedi kokha: yang'ananinso ngati nambala yobwezeretsera ikadali yanu, komanso ngati sanakonze kuti makalata anu azitumizidwa kwina. Pamene mukuchita zimenezi, pemphani abale awiri kapena atatu kuti alengeze m'magulu onse kuti munthu asatumize ndalama.

Chifukwa chachisanu chija chimadziwika ndi chizindikiro chimodzi: foni yanu yataya netiweki kwa nthawi yaitali pamene anzanu a kampani yomweyo, amene muli nawo pamodzi, akuimba bwinobwino, ndipo kuzimitsa ndi kuyatsanso foni sikukuthandiza. Pamenepo musayesenso kukonza nokha. Bwerekani foni muimbire banki yanu kuti iimitse kutuluka kwa ndalama, ndipo pitani ku ofesi ya kampani ya foni tsiku lomwelo. Ngati ndalama zatuluka kale, jambulani mauthenga onse, sungani manambala amene ndalama zapitako, ndipo kanenani ku polisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limaletsa kulowa mu zinthu za munthu wina za pa kompyuta popanda chilolezo, ndipo MACRA imalandira madandaulo okhudza ntchito za mafoni.

Wogwira ntchito weniweni wa banki kapena wa kampani ya foni sakufunsani nambala yanu yachinsinsi pa foni. Wina akakufunsani, dulani foniyo, ngakhale atatchula dzina lanu lonse molondola.

Tsamba likukana pasiwedi yatsopano kuti ndi yofooka, kapena mumangoiwalaiwala

Mapasiwedi amene ndimakumana nawo kawirikawiri ndi dzina la mwana ndi chaka chimene anabadwa, dzina la timu monga Maule kapena Manoma, ndime ya m'Baibulo yodziwika ndi aliyense, ndi nambala ya foni ya mwini wakeyo. Zonsezi munthu wokudziwani angazilote, ndipo zambiri mwa izo munazilemba nokha pa Facebook. Pa mndandanda wa mapasiwedi ofala padziko lonse, 123456 imakhala pamwamba pafupifupi chaka chilichonse. Nambala yachinsinsi ya manambala anayi ingapangidwe m'njira 10,000, koma mukasankha chaka chimene munabadwa mwachepetsa njirazo kufika pa makumi ochepa chabe, ndipo chakacho chalembedwa pa chiphaso cha unzika chimene mumaonetsa kwa ajenti ndi ku banki.

Chimene chimalimbitsa pasiwedi kwambiri ndi kutalika kwake. Sankhani mawu anayi kapena asanu osagwirizana n'komwe, amene sapanga chiganizo kapena mwambi, muwalumikize ndi kachizindikiro, ndipo muwonjezere chilembo chachikulu ndi nambala ngati tsamba likufuna. Chitsanzo ndi ichi: ndowa-Mtambo-nsungwi-73-khasu. Pasiwedi yotere ili ndi zilembo zoposa 25, imalembeka mosavuta pa foni, ndipo imakumbukika kuposa zilembo zisanu ndi zitatu zosokonekera. Chitsanzochi musachigwiritse ntchito, popeza chawerengedwa kale ndi anthu ena.

Akaunti iliyonse yofunika ikhale ndi pasiwedi yakeyake, ndipo yolimba kuposa onse ikhale ya imelo, chifukwa munthu amene walowa mu imelo yanu angasinthe mapasiwedi a maakaunti ena onse. Sikofunika kusintha pasiwedi mwezi uliwonse. Bungwe la NIST la ku America, limene malangizo ake amatsatiridwa m'mayiko ambiri, linasiya kulimbikitsa zimenezi kuyambira mu 2017, chifukwa anthu akakakamizidwa amangosintha nambala yomalizira. Sinthani pamene mukukayikira kuti yaululika, kapena pamene munthu amene ankaidziwa wachoka pa ntchito.

Pa kasungidwe, maganizo anga ndi akuti kabuku kosungidwa kunyumba, pamalo okhoma, n'kabwino kwambiri kuposa kugwiritsa ntchito pasiwedi imodzi paliponse poopa kuiwala. Kabukuko kasamayende m'chikwama cha laputopu, ndipo pasiwedi isamamatidwe pansi pa kiyibodi kapena kusungidwa pa mndandanda wa manambala a mu foni. Amene ali ndi maakaunti ambiri angagwiritse ntchito pulogalamu yosungira mapasiwedi, monga Google Password Manager, Bitwarden, kapena KeePass imene imagwira ntchito popanda intaneti. Ngati mwayatsa kutsimikizira kachiwiri pa Google, tengani manambala ake osungira: amakhala khumi, iliyonse ya manambala 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi. Alembeni m'kabuku komweko, pakuti ndi amene adzakulowetseni tsiku limene foni idzatayike. Kwa magulu ndi maofesi, anthu awiri osankhidwa ndi komiti adziwe pamene pali kabukuko, ndipo kusintha nambala yobwezeretsera kukhale mbali ya mwambo wopatsirana udindo, monga momwe amapatsirana makiyi ndi mabuku a ndalama.

Mukachoka pa kompyuta ya ku ofesi ngakhale kwa kanthawi, dinani batani la Windows pamodzi ndi L kuti itsekeke.

Kompyuta ikuchedwa, ikutentha kapena ikuzima yokha

1. Mapulogalamu ambiri akuyamba okha ikangoyaka. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc, pitani pa Startup, ndipo zimitsani amene simuwafuna nthawi zonse.
2. Malo osungira adzaza. Samutsirani mafilimu ndi zithunzi kwina, ndipo khuthulani Recycle Bin.
3. Kutentha ndi fumbi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kunyanja kumatentha kwambiri, laputopu yoikidwa pa matiresi, pa mtsamiro kapena pa chitenje imatsekeka timabowo totulutsira mpweya, fani imalira mokweza, kenako imazima yokha podziteteza. Iikeni pa tebulo, mukweze kumbuyo kwake pang'ono, ndipo muchotse fumbi pa timabowo ndi kaburashi kouma itazima.
4. Mu kompyuta muli mapulogalamu awiri olimbana ndi mavairasi. Microsoft Defender imene imabwera ndi Windows ndi yokwanira kwa anthu ambiri.
5. Zida ndi zakale. Kuika SSD, disiki yamakono yothamanga, m'malo mwa disiki yozungulira, kapena kuwonjezera RAM, memori imene kompyuta imagwirira ntchito, pa kompyuta imene ili ndi 4 GB yokha, kumasintha liwiro kwambiri, koma imeneyi ndi ntchito ya katswiri.

Magetsi akathima zulani pulagi ku khoma, ndipo muibwezeretse patapita kanthawi atabwera. Chitaninso chimodzimodzi kukayamba ziphaliwali m'nyengo ya dzinja. Polemba, zolowerani kudina Ctrl ndi S pafupipafupi.

Zimitsani nthawi yomweyo ndipo musayatsenso ngati mukumva fungo la kupsa, ngati batire latupa mpaka kukankha kiyibodi, ngati mwalowa madzi kapena tiyi, kapena ngati disiki ikumveka kugogoda. Batire lotupa musaliboole kapena kulitchaja. Disiki yogogoda ili pafupi kufa, ndipo kuiyatsayatsa kumachepetsa mwayi wopulumutsa mafayilo.

Mafayilo a pa fulashi asowa, kwatsala tizizindikiro tokhala ndi kamuvi

Pafupifupi nthawi zonse ndi vairasi imene fulashi yatenga pa kompyuta yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri. Mafayilo anu sanafufutike, angobisidwa. Musadine tizizindikiroto, ndipo musavomere kompyuta ikakufunsani kuti ichite format, kutanthauza kufufuta zonse za pa fulashi. Pa kompyuta yopanda vairasi, pimani fulashiyo ndi Microsoft Defender, kenako tsegulani Command Prompt, zenera la Windows lolembamo malamulo, ndipo lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* mutasintha E ndi chilembo chimene kompyuta yapatsa fulashi yanu. Koperani mafayilo amene aonekera, ndipo mukatsimikiza kuti onse alipo ndi pamene mungaifufute yonse. Ngati fulashi sikuonekanso pa kompyuta iliyonse, vuto ndi la chipangizocho, ndipo musaikemo kanthu kena kufikira katswiri ataiona. Ndi bwino kukhala ndi fulashi ina yongopitira nayo kosindikiza, yosakhala ndi chilichonse chimene mulibe kwina.

Masamba onse akunena kuti kulumikizana si kotetezeka

Yang'anani tsiku ndi nthawi pa ngodya ya sikirini. Zikakhala zolakwika, masamba otetezeka amakanidwa. Ngati tsiku limabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse kompyuta ikazima, kabatire kakang'ono ka mkati katha. Pa makompyuta ambiri a pa tebulo ndi ka mtundu wa CR2032, kotsika mtengo. Koma ngati tsiku lili bwino ndipo chenjezo likubwera pa tsamba limodzi lokha, makamaka la banki, musapitirire ndipo musalembepo pasiwedi.

Bandulo ikutha msanga mukalumikiza laputopu ku foni

Windows ikutsitsa zokonza zake. Pa laputopu, pa zosankha za Wi-Fi yochokera ku foni yanuyo, yatsani Metered connection kuti Windows ichepetse kutsitsako. Komabe musalekeretu kutsitsa zokonzazo, chifukwa ndi zimene zimatseka mipata yolowera akuba. Chitani zimenezi pamene muli ndi bandulo yaikulu. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025, choncho kompyuta ya Windows 7 si yoyenera kuchitirapo za ku banki.

Musanasiye foni kapena kompyuta kwa katswiri

- Koperani mafayilo ofunika pa disiki ina, ngati ikuyakabe.
- Tulukani mu imelo, WhatsApp ndi mapulogalamu a banki, ndipo chotsani SIM ndi memori khadi.
- Ngati disiki ndi yotsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza mafayilo, pezani kiyi wake wa manambala 48, amene nthawi zambiri amasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Popanda kiyiyo, kusintha zida zina za mkati kungatseke mafayilo anu moti ngakhale katswiriyo sangawatsegule.
- Gwirizanani momveka kuti asafufute kapena kuikanso Windows asanakufunseni, ndipo lembani nambala ya chipangizo chanu pa lisiti.

Katswiri angafune pasiwedi yotsegulira kompyuta kuti ayese ntchito yake, koma safunika pasiwedi ya imelo kapena nambala yachinsinsi ya ndalama. Ngati mwamupatsa yotsegulira, isintheni mukangoitenga, ndipo ngati chipangizocho ndi cha ku ofesi, dziwitsani woyang'anira makompyuta wa bungwe lanu musanachipereke kwa wina aliyense wa kunja.